Rizipa Pathanthwe: Mau kwa Amayi pa Nkhani ya Zionetsero

Kuwerenga: 2 Samueli 21:1-14



Ndime yathu ya lero siimveka kawirikawiri pa guwa, ndipo ana a Sande sukulu sitiwaphunzitsa. Tikupempha kuti amene ali ndi Baibulo atsegule, awerengere anzake mokweza mavesi onse 14 tisanapitirire.

M'masiku a Mfumu Davide kunagwa njala zaka zitatu zotsatizana. Davide atafunsa kwa Mulungu, anauzidwa kuti dziko lili ndi mangawa a magazi, pakuti Saulo anapha Agibeoni, anthu amene Aisraeli analumbira kalekale kuti adzawasunga amoyo. Agibeoni anakana chipepeso cha siliva ndi golide, nafuna amuna asanu ndi awiri a m'banja la Saulo. Davide anawapereka. Awiri mwa iwo, Arimoni ndi Mefiboseti, anali ana a Rizipa, mkazi wamng'ono wa Saulo. Asanu enawo anali zidzukulu za Saulo, ana a mayi wina. Onse anaphedwa pamodzi paphiri, kukolola barele kukungoyamba kumene, ndipo mitembo yawo inasiyidwa pamtetete kuti aliyense wodutsa aone.

Apa ndi pamene Rizipa akutulukira. Sanapite kunyumba ya mfumu kukakuwa. Anatenga chiguduli nachiyala pathanthwe pafupi ndi mitemboyo, nakhala pomwepo kuyambira nthawi yokolola kufikira mvula itagwa. Masana ankapirikitsa mbalame, usiku zilombo. Ife amene tinagwirako ntchito ya unamwino tikudziwa mmene thupi la munthu limakhalira pakangopita masiku atatu m'nyengo yotentha. Nanji sabata, nanji mwezi! Mayi ameneyu anapirira fungo, ntchentche, dzuwa ndi mantha a usiku. Ndipo taonani ichi, amayi: Malembo sakunena kuti ankalondera ana ake awiri okha. Analondera onse asanu ndi awiri. Mwambi uja wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ife timaunena pakamwa. Iye anauchita ndi thupi lake.

Chimene Rizipa anachita, masiku ano tikanachitcha chionetsero. Analibe chikwangwani, sanakapemphe chilolezo kwa bwanamkubwa, ndipo palibe liu ndi limodzi lomwe la pakamwa pake limene linalembedwa. Koma mbiri yake inafika kwa Davide, ndipo mfumu inanyamuka pampando.

Tasankha ndime imeneyi chifukwa amayi ambiri akhala akufunsa pa misonkhano yathu kuti: pa nkhani ya amuna okondana ndi amuna anzawo, ndi akazi okondana ndi akazi anzawo, mayi wachikhristu aime pati? Dziko lathu laona zionetsero za mbali zonse ziwiri. Pa 26 Juni 2021 kagulu kochepa ka anthu otere ndi owathandiza kanayenda m'misewu ya Lilongwe, motsogozedwa ndi bungwe la Nyasa Rainbow Alliance, nkukapereka chikalata cha madandaulo ku khonsolo ya mzindawo. Kanali koyamba m'Malawi muno. Ambiri anaphimba nkhope. Inde, inali nthawi ya Covid-19, koma sikachilombo kokha kamene ankaopa. Ankaopa kuti eni nyumba imene amachita lendi, abwana akuntchito, kapena mayi awo owabala awazindikira pa kanema.

Pa 13 Julayi 2023 kunali chionetsero china, chachikulu zedi. Anthu zikwizikwi, akhristu ndi asilamu pamodzi, anaguba ku Blantyre ndi m'mizinda ina kukana maukwati a amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, ku Blantyreko atatsogola Arkiepiskopi Thomas Luke Msusa wa mpingo wa Katolika. Zofanana nazo zinachitikanso mu Disembala 2016. Ena mwa inu munaguba nawo, ndipo tikudziwa kuti munapita ndi mtima wofuna kuteteza banja, chimene chili cholinga cha gulu lathu kuyambira pamene Mary Sumner analiyambitsa mu 1876. Pa chimenecho sitikudzudzula munthu.

Komabe pali chinthu chimodzi chimene sichinafotokozedwe bwino kwa amayi akumudzi. Mlandu umene unali kukhoti masiku amenewo sunali wa ukwati. Lamulo la maukwati la mu 2015 limanena kale kuti ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi, ndipo oweruza sanafunsidwe kuti alisinthe. Chimene Jan Willem Akster wa ku Netherlands ndi Jana Gonani wa ku Mangochi anafunsa khoti chinali chakuti: kodi ndime za lamulo la milandu zimene zimalanga anthu oterewa zikugwirizana ndi malamulo aakulu oyendetsera dziko? Ndime 153 imapereka zaka mpaka 14 m'ndende. Ndime 156 imapereka zaka zisanu. Kuyambira mu 2011 palinso ndime 137A, imene inaonjezedwa kuti akazi nawonso azimangidwa, zaka zisanu. Pa 28 Juni 2024 oweruza atatu anakana pempholo, nanena kuti kusintha lamulo ndi ntchito ya Nyumba ya Malamulo, ndipo ndimezo zinatsala monga zinalili. Tsono nkhani imene inali pabwalo inali ya ndende. Tiziitchula ndi dzina lake.

Tisasokonezenso nkhaniyi ndi ya kugwirira. Munthu wogwirira mwana, wamwamuna kaya wamkazi, ndi chigawenga, ndipo malamulo omulanga alipo; ife tikufuna azigwira ntchito koposa mmene akuchitira, ngakhale wolakwayo akhale amalume kapena mkulu wa mpingo. Pano tikunena za akuluakulu awiri amene palibe wakakamiza mnzake.

Ambirife tikukumbukira za Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga, amene anachita chinkhoswe ku Chirimba mu Blantyre kumapeto kwa Disembala 2009. Tsiku lililonse la mlandu anthu ankadzaza kukhoti kukaseka ndi kukuwiza, ena atabereka ana kumbuyo ngati akupita kukaonera gule. Mu Meyi 2010 awiriwo anagamulidwa zaka 14, woweruza nanena poyera kuti akufuna chilangocho chiopseze ena. Pa 29 Meyi, mlembi wamkulu wa United Nations, Ban Ki-moon, ali m'dziko muno, Pulezidenti Bingu wa Mutharika anawakhululukira. Bingu sanavomereze zimene anachitazo, ananena mosabisa kuti nzosemphana ndi chikhalidwe, chipembedzo ndi malamulo athu, komabe anatsegula chitseko cha ndende. Pambuyo pake Tiwonge anathawira ku South Africa. Malawi yemweyu amene amasunga othawa kwawo anatulutsanso wake wothawa kwawo.

Ife a ku Dowa tili naye mphunzitsi wathu pa nkhani ya ndende, ndiye Dzaleka. Achinyamata amaidziwa Dzaleka ngati kampu ya othawa kwawo imene inatsegulidwa mu 1994, ya msika wa Lachiwiri ndi chikondwerero cha Tumaini. Koma ife amvulazakale tikukumbukira kuti pamalo paja panali ndende ya boma la Kamuzu Banda, ndipo dzina lomwelo ndi lonjezo la munthu amene wakhaulitsidwa: ndidzaleka, sindidzachitanso. A Mboni za Yehova, amene chipembedzo chawo chinaletsedwa mu 1967, anatsekeredwa kumeneko ambirimbiri m'zaka za m'ma 1970 chifukwa chokana kugula khadi la chipani, abambo ndi amayi omwe, m'chisanu chija cha m'mapiri a Dowa chimene mukuchidziwa nonse. Kodi ife a Anglican timagwirizana ndi chiphunzitso cha a Mboni? Sitinkagwirizana nacho nthawi imeneyo, ndipo sitigwirizana nacho lero. Koma alipo pakati pathu amene angaimirire nkunena kuti kuwaotchera nyumba, kuwamenya ndi kuwatsekera kunali kutumikira Mulungu? Nanga analeka? Sanaleke. Anatuluka m'ndende ali a Mboni monga analowera, kungoti matupi atatha ndipo ena atasiya manda a abale awo m'mbuyo. Mipingo yambiri inakhala chete zaka zonsezo, kufikira kalata ya maepiskopi a Katolika ya mu Malichi 1992. Ankati si nkhani yathu, ndi ya anthu achiphunzitso cholakwika.

Lero ku Dzaleka kuli anthu oposa 50,000 pamalo amene anakonzedwera 10,000 kapena 12,000 basi. Ambiri ndi ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda, ena ku Ethiopia ndi Somalia. Pakati pawo pali ena ochepa amene sanathawe mfuti zokha. Anathawanso abale awo enieni ndi anansi awo chifukwa cha nkhani imene tikukambayi, ndipo akhala akudandaula kwa mabungwe ndi atolankhani kuti m'kampu momwemo amanyozedwa ndi kumenyedwa. Taganizani moyo wa munthu wotere. Nyumba za ku Dzaleka nzothithikana, khoma ndi khoma, mnzako akatsokomola umamva. Madzi ndi apamzere, chipatala ndi chapamzere, ndipo pamzere ndi pamene miseche imaphikidwa. Akamenyedwa akadandaule kuti? Kupolisi akanena chifukwa chimene anamumenyera, ndiye kuti wadziulula yekha pa mlandu wa zaka 14. Athawire mtauni? Wothawa kwawo saloledwa kukhala kunja kwa kampu popanda chilolezo, ndipo tinaona ndi maso athu mu Meyi 2023 pamene apolisi ndi asilikali anasonkhanitsa othawa kwawo amene ankakhala ku Lilongwe ndi kwina, ambiri nkuwasunga kaye ku Maula asanawabwezere ku Dzaleka. Mwezi womwewo dziko la Uganda linakhazikitsa lamulo lokhwima kwambiri, lofika mpaka pa chilango cha imfa pa milandu ina. Kumbuyo kwatsekeka, kutsogolo kwatsekeka.

Aja a ku Lilongwe anatha kuguba, ngakhale ataphimba nkhope. Aja a mu Julayi 2023 anaguba ndi nyimbo, apolisi akuwaperekeza. Koma mnyamata wa ku Dzaleka, makilomita opitirira pang'ono 40 kuchokera kumene kunali zionetserozo, alibe msewu woti agubepo. Ameneyu ndiye ali paphiri pamtetete, ndipo mbalame zikuzungulira.

Tikumva kale ena akunong'ona kuti, kodi amayi a MU ayamba kuvomereza zimenezi? Imvani bwino. Chiphunzitso cha mpingo wathu pa ukwati sichinasinthe, ndipo si ife amene tingachisinthe. Maepiskopi a Anglican a dziko lonse atakumana ku Lambeth mu 1998, anagwirizana kuti ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi, ndi kuti kugonana kwa amuna kapena akazi okhaokha sikugwirizana ndi Malembo. Gawo limenelo aliyense amalidziwa. Koma chigamulo chomwecho chili ndi gawo lina limene kawirikawiri limasiyidwa m'kabati. Maepiskopi analonjeza kumvetsera anthu amenewa, anawatsimikizira kuti Mulungu amawakonda ndi kuti onse obatizidwa ndi okhulupirira ndi ziwalo za Thupi la Khristu, ndipo anadzudzula mantha opanda pake amene anthu amakhala nawo pa iwo. Mu Januwale 2016 akuluakulu a zigawo za mpingo wathu, a ku Africa ali pomwepo, atakumana ku Canterbury anadzudzula nkhanza zochitira anthu otere, nakana kuti azilangidwa ndi malamulo a milandu. Mayi amene akunena kuti asamenyedwe, asamangidwe, sanatuluke mu mpingo. Akungowerenga tsamba lonse.

Dayosizi yathu ya Lake Malawi inalawa kale kuwawa kwa mkangano umenewu. Ambuye Peter Nyanja atamwalira mu 2005, anasankhidwa Bambo Nicholas Henderson a ku London, koma maepiskopi a chigawo chathu anakana kutsimikiza chisankhocho, ndipo nkhani ya amuna okhaokha inali pakati pa phokosolo. Akhristu anagawikana, zina mpaka zinafika kukhoti, ndipo tinakhala opanda episkopi wathuwathu kufikira Ambuye Francis Kaulanda atadzozedwa mu 2010. Zaka zisanu! Abambo ankakangana m'misonkhano, koma amene ankasesa m'tchalitchi, kuphikira pamaliro ndi kuyendera odwala zaka zonsezo anali amayi a yunifolomu ya buluu ndi yoyera. Mwa odwala amene tinkawayenderawo sitinafunsepo ndi mmodzi yemwe kuti ali mbali iti.

Ena amati zonsezi zinabwera ndi azungu. Mbendera ya utawaleza ndi yobwera, zoona, ndipo mau ena amene mabungwe amagwiritsa ntchito m'mahotela a ku Lilongwe agogo akumudzi sangawamve. Sitikondweranso mlendo akamaopseza kuti achotsa thandizo la mankhwala ngati sitimumvera. Fupa lokakamiza silichedwa kuswa mphika. Koma ndime 153 nayonso inabwera ndi atsamunda, m'lamulo la milandu limene anatilembera cha m'ma 1930. Ndipo liu lija timalitchula monyozali, lakuti mathanyula, akuluakulu amati linabwera ndi amuna athu omwe amene ankapita kumigodi ku Joni pa Wenela. Amayi achikulire akudziwa zimene tikunena. Nkhaniyi siinayambe dzulo, chimene chayamba dzulo ndi kuikamba pa wailesi.

Tilankhuleko tsopano ngati anamwino. Pa chipatala china, chimene sitichitchula, tinaonapo mnyamata atabwera ndi zilonda kumalo obisika. Amene anamuyeza anatuluka m'chipinda kukaitana anzake kuti adzaone, ndipo kuseka kunamveka mpaka pakhonde pamene panali odwala ena. Mnyamatayo anavala nkutuluka, mankhwala osalandira, ndipo sanabwerenso. Mwina wina anena kuti zamukwanira. Koma tamverani mmene matenda amayendera. Amuna ambiri otere m'Malawi muno amakwatira, chifukwa makolo ndi ankhoswe sawapatsa mpata. Mwamuna akaopa chipatala sayezetsa magazi, ndipo akapanda kuyezetsa sayamba ma ARV, ngakhale mankhwalawo akhala aulere m'zipatala za boma kuyambira mu 2004. Kachilombo kamachulukana m'thupi mwake, kenaka kamafika kwa mkazi wake, amene sakudziwa kanthu, ndipo mwinanso kwa khanda. Mkazi ameneyo akhoza kukhala mwana wanu, amene munamuvinira pa chinkhoswe. Munthu amene akumwa mankhwala mokhulupirika mpaka kachilombo kosaonekanso poyeza sapatsira mnzake pogonana. Ndiye amene wathamangitsa mnyamata uja kuchipatala wateteza banja la yani? Ndipo ndende zathu, mothithikana muja, ndi mmene chifuwa chachikulu ndi mphere zimasangalala. Sitinaonepo munthu amene anatulukamo atachira china chilichonse.

M'zaka zija Edzi inkatha anthu, m'ma 1990, ndife amene tinkalowa m'nyumba zimene abale enieni ankaziopa. Tinkasambitsa, tinkachapa zofunda, tinkamwetsa phala ndi supuni. Panali alaliki amene ankati ndi chilango, asiyeni. Tikanawamvera, ambiri akanafa okha ngati agalu. Manja omwewo tikadali nawo.

Tsopano tifike pamene pali povuta kwenikweni, pakhomo pathu. M'mimba ndi m'chipala, amayi. Sudziwa chimene chidzatulukemo. M'magulu athu muli amayi amene akusenza chinsinsi chimenechi okha. Amaimba nafe, amapereka chopereka nafe, koma nkhaniyi ikayamba ndi nthabwala zake amangoweramitsa mutu, chifukwa amene tikumusekayo ndi mwana wawo wa ku Lilongwe kapena wa ku Joni, yemwe uja amatumiza ndalama ya feteleza. Sanganene kwa ansembe, sanganene kwa amuna awo, sanganene kwa ife. Ena anamuthamangitsa mwanayo pakhomo chifukwa choopa pakamwa pa anthu, ndipo tsopano usiku tulo sabwera. Mwana wothamangitsidwa sapita kutchalitchi kukalapa. Amapita kumsewu, kumowa, kwa anthu omudyera masuku pamutu, ndipo ena amadzikhweza. Ife tasambitsapo mitembo ya achinyamata odzipha, ndipo kulira kwa mayi wa mwana wotere nkosiyana ndi kulira kwina kulikonse. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mukhoza kumuuza mwana wanu zimene mumakhulupirira, mosabisa, mukhoza kumupempherera usana ndi usiku, koma mbale yake ya nsima isachoke pamphasa.

Wina atsutsa kuti ana a Rizipa anafera mlandu wa bambo awo, pamene awa akuchimwa okha. Chabwino, titsegule Deuteronomo 21:22-23. Lamulo la Mose linkanena kuti ngakhale munthu amene wapalamula mlandu woyenera imfa, mtembo wake usagone pamtengo usiku, aikidwe tsiku lomwelo, kuti dziko lisadetsedwe. Ndiye kuti ngakhale wolakwa weniweni anali ndi malire a manyazi amene anthu sankaloledwa kuwapitirira. Amene anasiya mitembo ija paphiri ankaganiza kuti akuyeretsa dziko, chonsecho ankaswa lamulo la Mulungu yemweyo amene ankafuna kumukondweretsa. Ndipo werengani bwino vesi 14. Malembo sakunena kuti Mulungu anamva mapemphero a dziko tsiku limene anthu asanu ndi awiri aja anaphedwa. Akunena zimenezo pambuyo poti Davide, atamva za Rizipa, wakatenga mafupa a Saulo ndi Yonatani ku Yabesi Gileadi, wasonkhanitsa ndi a ophedwa aja, ndipo maliro aikidwa mwaulemu. Ife a m'dziko lodalira mvula tiyenera kuliganizira vesi limeneli mofatsa.

Sitikutuma mayi aliyense kuti akanyamule mbendera ya gulu lililonse. Amene akufuna kuguba, malamulo a dziko amamulola, mbali iyi kaya iyo, ndipo wina asagendedwe chifukwa choyenda pamsewu mwamtendere. Malo athu ife ndi pathanthwe. Pamjigo anyamata akazungulira mnzawo ndi miyala, mayi wa yunifolomu akaima pakati miyala imagwa pansi. Tikudziwa mphamvu imene duku lathu lili nayo m'mudzi. Mdzukulu akabwera ndi nyimbo yonyoza imene waphunzira kusukulu, mukhazikeni pansi. Inu amene ana anu ndi anamwino, apolisi kapena aphunzitsi, akumbutseni kuti chinsinsi cha wodwala ndi cha wodandaula si nkhani ya m'minibasi. Ndipo mnzathu wa m'gulu akadzalimba mtima nkutiululira za mwana wake, zithere m'makutu mwathu.

Atsogoleri a nthambi zonse, makamaka za kufupi ndi Dzaleka, tikupemphani kuti pa msonkhano wanu ukubwerawu muwerenge ndimeyi pamodzi ndi Levitiko 19:33-34, ndipo mupatse mpata amayi ofatsa alankhuleko, osati okhaokha aja a mau okwera. Pokonza ulendo wokayendera odwala kukampu kapena akaidi kundende, sonkhanitsani sopo, shuga, mchere ndi zitenje monga mwa nthawi zonse, mudziwitse ansembe ndi akuluakulu a pamalopo nthawi ikadalipo, ndipo nthambi imene ili ndi mayi wodziwa Chiswahili imutenge. Pogawa katunduyo musafunse munthu mlandu umene anamangidwira kapena chimene anathawa kwawo. Funsani dzina lake, ndi ngati walandira mankhwala ake mwezi uno.